Mlandu wa mtengo wa mango pa WhatsApp

Mukamayenda n'kupeza nthambi zamasamba zitayalidwa mopingasa msewu, simufunsa munthu. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kutsitsa wailesi, wanjinga amatsika n'kumaikankha, wachipewa amavula. Masambawo anena kale kuti pano pagwa zovuta. Koma taonani mmene amanenera. Satchula dzina la amene watisiya, sanena chimene chamutenga, ndipo nkhope yake saionetsa. Wofuna kudziwa zambiri amapatuka, amakhala pansi, kenako amauzidwa ndi munthu amene ali ndi udindo wonena.

Uthenga wamaliro udali ndi njira yake yoyendamo. Anthu asanayambe kulira, mwinimbumba ankatuma munthu kukauza amfumu. Anyamata ankakwera njinga kupita kumidzi ina atalangizidwa bwino lomwe kuti akafikire khomo liti ndipo akayambe kuuza ndani. Kwa nkhalamba sankangofika n'kuphulitsa nkhani ali chiimire. Ankadikira apatsidwe mpando, alonjeredwe, ndiye n'kuyamba chapatali: kumene tachokera sikuli bwino, odwala aja matenda akula. Nkhalambayo inkamva yokha zotsalazo, mtima utakonzekako. Abale akutali ankamvera pa telegalamu ya ku positi kapena pa mauthenga amaliro a pa wailesi ya MBC, ndipo ngakhale pamenepo wowerenga ankatchula mudzi, mfumu yaikulu ndi boma, kuti womva adziwe kuti uthengawo wachokera kwa eni ake.

Lero mdzukulu wa zaka 19 ali pakhomo la wodi kuchipatala, thupi lisanapite n'komwe kumotchale, waika kale chithunzi pa status, pansi pake zilembo zitatu zija ndi kakandulo. Azakhali anga adamva za imfa ya mlongo wawo ali pamzere kuchigayo. Mwana wa neba adawasendezera foni kumaso n'kufunsa kuti, "Agogo, awa si abale anu?" Adasiya thumba la chimanga pomwepo. Anthu amene adatumidwa kukawauza mwaulemu adawapeza atakomoka kale, akuthiridwa madzi pakhonde la chigayo. Mpaka lero mdzukulu uja saona chimene adalakwa. Amati anangofuna kuti anthu adziwe msanga.

Za amene amafika pangozi ya pamsewu n'kuyamba kujambula m'malo monyamula ovulala ndidzalemba tsiku lina, chifukwa zikufunika tsamba lakelake. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti, ndipo anthu angapo adagonapo m'chitokosi chifukwa cha zimene adalemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Koma lamulo silingalowe m'banja kukaphunzitsa mwana kuti agogo ake amayenera kumva nkhani yotere atakhala pamphasa.

Musandiyese mdani wa foni. Pamaliro omwewo, ndalama ya bokosi, ufa, nyemba ndi galimoto idasonkhedwa tsiku limodzi lisanathe. Wina adalemba mndandanda m'gulu, aliyense akatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba dzina lake limalembedwa, ndipo amene kale ankazemba ponena kuti uthenga sunawapeze adasowa pothawira. Abale athu ali ku Joni amadziwa bwino ntchito ya magulu amenewa, chifukwa mnzawo akamwalira kumeneko ndi momwemo mmene amasonkhera ndalama yobweretsera thupi kumudzi. Nawonso amene sukulu sadapite nayo patali apeza pakamwa: amadina batani, amalankhula, uthenga wapita ndi mawu awo enieni, kutsokomola ndi kulira kwa tambala zili momwemo. Mwana akabadwa ku Mzuzu m'mawa, masana tayamba kale kukangana ku Blantyre kuti mphunoyo watengera kwa ndani.

Gulu la banja lathu lili ngati magulu ena onse. M'bandakucha mlamu wanga amatumiza vesi ndi chithunzi cha maluwa. Msuweni wina amagulitsa zitenje ndi mafuta odzola. Malume ena amatumiza mankhwala ochiza matenda onse, lero mandimu ndi adyo, mawa masamba a gwafa. Pali amene sadalembepo kanthu chiyambire koma amawerenga zonse, ndipo mukakumana nawo paukwati amakufotokozerani ndani adanena chiyani mwezi wa Malichi. Pali amene amatuluka akakwiya n'kubwezedwa ndi admin patatha masiku atatu. Zonsezi n'zoseketsa ndipo ndimazikonda. Chimene chayamba kundidetsa nkhawa n'chakuti gululi lasanduka bwalo logamula nkhani za banja, pomwe ena mwa eni nkhanizo mulibemo. Mayi anga ali ndi kafoni ka mabatani, kaja tinkati Mose wa Lero, koti n'kuyimba ndi kuunikira usiku basi. Malume aakulu kumudzi ku Ntcheu amatchajitsa foni kugolosale kamodzi pa sabata. Pabwalo latsopanoli wolankhula kwambiri ndi amene ali ndi bandulo yosatha, ndipo womveredwa kwambiri ndi amene amatumiza ndalama.

Ndafika tsopano pa mtengo.

Pakhomo pathu ku Chilomoni, kumunsi kwa puloti, pali mtengo wa mango a boloma umene bambo adadzala chaka chimene adamanga nyumba. Si wokwatitsa ayi, ndi wochokera ku njere, ndiye udatenga nthawi yake kuti uyambe kubala, ndipo udakula mmene mitengo yotere imakulira ikapanda kusokonezedwa. Anthu awiri akuluakulu ndi amene angazungulire thunthu lake ndi manja. Theka la nthambi lili kwathu, theka lina lidadumpha mpanda n'kuphimba kanjira kopita kumsika. Umachita maluwa nthawi yozizira, mu Okutobala timango tayamba kulemera, ndipo pofika Disembala usiku umamva boloma akugwa pamalata a bafa ngati wina waponya njerwa.

Kunja kwa mpanda, mumthunzi womwewo, mayi wina amagulitsa tomato, anyezi ndi bonya kwa zaka zambiri tsopano. Pafupi naye pali kabenchi ka anyamata a kabaza, ndipo madzulo madoda amabwera ndi bawo. Pathunthu pakhomedwa zikwangwani zosawerengeka, zina zong'ambika: wina akugulitsa puloti ku Chileka, wina amaphunzitsa masamu a fomu 4, sing'anga wina akulonjeza kubweza mwamuna wothawa. Munthu akamalondolera mlendo m'dera lathu sanena nambala ya nyumba, amangoti mukafika pa mango paja mukhotere kumanja. Ambiri mwa anthu amenewa sitidawapatsepo chilolezo ndipo sadatipemphe. Mthunzi udangowapeza.

Mwezi watha achimwene anga aakulu, amene ali ku Johannesburg chaka chachisanu ndi chinayi tsopano, adalemba m'gulu kuti apeza ndalama yomangira zipinda zitatu za lendi kumunsi kwa puloti, ndipo mmisiri wayeza kale n'kunena kuti mtengowo uchoke. Adafotokoza bwino, ndipo ndikufuna ndiwaimire mokwanira pano chifukwa mfundo zawo si zachibwana. Mayi amamwa mankhwala a BP ndi shuga mwezi ndi mwezi, ndipo akasowa kuchipatala cha boma timagula. Pali ana awiri a mchemwali wathu amene adatisiya, onse ali kusekondale. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thumba la simenti, la feteleza, ngakhale paketi ya shuga sizikugwirika. Iwo ku Joni sadzakhalako muyaya, mapepala akuvuta ndipo ntchito ndi ya lero ndi lero. Akufuna asiye chinthu choti chizidyetsa mayi ngakhale iwo atabwerera chimanjamanja. Adawonjezanso kuti mizu yang'amba kale khonde la kukhitchini, ana a sukulu amagenda mango n'kuboola malata, ndipo nthambi ina yaikulu tsiku lina idzagwera munthu, ife n'kulipira. Mmisiri naye adati mtengowo sutayika, nkhuni zake ziotcha uvuni wa njerwa zonse zofunika.

Kenako mwana wa achimwenewo, amene ndi admin, adaika kavoti kaja ka pa WhatsApp. Udulidwe kapena usadulidwe. Pofika madzulo anthu 17 adali atadina kuti udulidwe, asanu kuti ayi. Mwa 17 aja, ndidawerenga, 11 sadagonepo pakhomopo zaka zisanu zapitazi. Wina ali ku Leeds, wina ku Lusaka, ena ku Area 25. Amene amasesa masamba ake m'mawa uliwonse, amene amayala mphasa pansi pake dzuwa likafika paliwombo, sadavote chifukwa foni yawo siidziwa voti.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa pa Facebook ndi okonda mitengo kwabasi. Jakaranda akachita maluwa mu Okutobala, misewu ya Blantyre ndi Zomba itafiirira, aliyense amajambula n'kulemba kuti dziko lathu ndi lokongola. Mu 2021, pomwe mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe idagwetsedwa pokuza msewuwo, Facebook idawira sabata yathunthu, ndipo msuweni wanga wa ku Area 25 adali m'gulu la olira mokweza. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala timaona zithunzi za mabwana atagwada ndi kambande m'manja, wina atawagwirira ambulera. Ikamatsekedwa pa 15 Epulo palibe amene amabwerera ndi kamera kukaona ngati mbuzi zasiyako kanthu. Mtengo wa pamsewu wa boma ndi wosavuta kuulirira poti sukutchinga ndalama ya munthu. Wa pakhomo pako, umene waima pamene pakanakhala chipinda cha lendi, ndi nkhani ina.

Ndipo mitengo ya m'makwalala athu imatha motero, umodziumodzi, uliwonse ndi chifukwa chake chomveka. Uwu ukugwetsera masamba m'ngalande ya neba. Uwu wayandikira mawaya a magetsi. Uwo akuti kadzidzi amaterapo usiku, ndiye mukudziwa zimene anthu amayamba kunong'ona. Uja mwini wake wamwalira, ana agawana puloti pakati. Palibe amene amadzuka m'mawa n'cholinga chosandutsa dera lake chipululu. Amene adakulira ku Ndirande zaka za m'ma 1980 amakumbukira phiri lija lili bii ndi mitengo, ndipo adaliona likumetedwa m'zaka zochepa chabe. Ife a ku Chilomoni tikuonera zomwezo pa Michiru: m'bandakucha njinga zimatsika zitasenza matumba a makala, mitolo ya nkhuni ili pamitu, zonse zikupita kumbaula za m'tauni muno. Kumudzi mukaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe katatsala pakati pa minda, simufunsanso, mumadziwa kuti ndi manda. Mitengo imene yapulumuka ndi imene ikulonderedwa ndi akufa.

Sindinena kuti mango amodzi angaletse phiri kugumuka. Zimene zidachitika ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa Soche mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala pa nyumba za anthu, zidali zazikulu kuposa mtengo wa pakhomo. Koma madzi a mvula ndimawaona ndi maso anga. Pamene pali mtengo wathu, dothi limamwa madzi ndipo kanjira sikakumbika. Mamita makumi awiri kutsika, pamene neba adadula mapeyala ake n'kuwaka simenti bwalo lonse, madzi amathamanga ngati atumidwa, ndipo chaka chilichonse amakafikira m'nyumba ya mayi wamasiye wa kumunsi. Mayi ameneyo nayenso m'gulu lathu mulibe.

Loweruka lotsatira ndidapita kukaonana ndi mayi. Ndidawapeza pamalo pomwepo, akusankha nyemba m'lichero. Nkhani ya zipinda adali ataimva, achimwene adawaimbira, koma ya mtengo ayi. Mwina adaona ngati ndi kanthu kakang'ono kosafunika kutayira mayunitsi. Nditawafotokozera za voti adandifunsa kawiri kuti voti yake yotani, ndani adaitanitsa, ndipo malume aakulu akudziwa kapena ayi. Atatero adakhala chete nthawi yaitali, manja okha akugwira ntchito. Ine ndinkayembekeza kuti anena za bambo, kuti ndi iwo adadzala, kapena za usiku wa siwa pomwe amuna onse a m'dera adagona pansi pa mtengowo atazungulira moto. Sadatchule zimenezo. Adandiuza kuti nditsegule foni alankhule okha.

Mawu awo adali ochepa. "Achimwene, ndamva za nyumba, ndipo ndathokoza. Mulungu akuonjezereni pamene mwachotsa. Koma ndifunse. Nyumba yanga ndi yamalata, ilibe siling'i. Mwezi uno kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka m'nyumbamo simukhalika. Mukadula, masana ine ndizikhala pati? Ndi miyendo yangayi ndizipita kukapempha mthunzi kwa eni ake?" Adaonjeza kuti mango a Disembala ndi amene amagulira makope ndi sopo wa ana aja potsegulira sukulu mu Januwale, ndipo sadayambe wapemphapo munthu ndalama ya zimenezo. Pomaliza adati nkhani ya puloti ya malemu sikambidwa malume aakulu asanamve, ndipo adandiuza kuti nditseke.

Voice note ija italowa m'gulu, mudangoti zii. Mlamu wanga sadatumize vesi m'mawa mwake. Kenako anthu adayamba kubwera mmodzimmodzi, ena kunena kuti sadadziwe kuti mayi sanafunsidwe, ena kuti adangodina poona kuti ambiri adina. Wa ku Leeds adafunsa ngati sitingagulire mayi fani. Adayankhidwa ndi mchemwali wanga wamng'ono, amene adamufunsa kuti fani yake iziyendera magetsi ati.

Apa ndiyenera kunena maganizo anga poyera, poti ena m'banjamo amawerenga tsamba lino. Ine ndili kumbali ya mtengo, koma achimwene sindikuwaona ngati olakwa. Munthu amene amagona m'kachipinda kamodzi ndi anzake atatu kudziko la eni, n'kumadzimana kuti kwawo kukhale kanthu, sayenera kusandutsidwa chilombo chifukwa cha mango. Chimene ndikukana ndi njira imene nkhaniyi idayendera. Ndalama yawo ndi imene imanga, zoona, koma ndalama siwapatsa mphamvu yogamula za mthunzi umene iwo sakhalapo. Ndiponso kudina batani si kukambirana. Pabwalo lenileni munthu amalankhula akuyang'ana nkhope ya amene akhudzidwe, amamva akamapuma mozama, ndipo nthawi zambiri amabweza mawu amene adabwera nawo. Pafoni umadina uli pamzere wa minibasi, n'kuiwala.

Malume aakulu tidawapeza Lachitatu, foni itatchajidwa. Adamvetsera zonse ndipo adafunsa funso limene tonse a masukulu athu sitidaliganize: kodi mmisiriyo adauzidwa kuti ayeze pamene pali malo, kapena adauzidwa kuti ayeze zipinda zitatu? Tidaitana mmisiri wina. Adazungulira ndi tepi yake n'kunena kuti zipinda ziwiri zikwana bwinobwino kumbali ya kumtunda ngati titasuntha bafa, ndipo mtengo ungotsadzulidwa nthambi ziwiri, kuphatikizapo ija ikuopsa. Mizu ya kukhonde akuti ikhoza kudulidwa mbali imodzi n'kuwakapo kakhoma pansi. Njerwa zikhala za simenti, zimene boma lakhala likulimbikitsa chiletsereni njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018, koma ndi zodulirapo, ndipo chipinda chachitatu ndiye kuti palibe. Kunena mosabisa, achimwene ataya lendi ya chipinda chimodzi mwezi uliwonse kwa zaka zonse zikubwerazi, ndipo ndalama imeneyo si yochepa kwa banja ngati lathu. Ife asanu amene tidavotera mtengo tafunsidwa ndi malume ngati tili okonzeka kumaponyapo kangachepe pa mankhwala a mayi kuti dzenjelo likwiririke. Atatu tavomera. Awiri sadayankhebe.

Ndidatumiza zonsezi kwa achimwene paokha, osati m'gulu, pamodzi ndi chithunzi cha pepala la mmisiri. Timizere tiwiri tija tidasanduka tabuluu Lachinayi usiku. Mpaka pamene ndikulemba pano sadayankhe, koma adaimbira mayi Lamulungu ndipo akuti adacheza nthawi yaitali za mvula ndi za mbewu, osatchula mtengo. Adawauza kuti agula tikiti ya basi, afika sabata ya Khirisimasi. Malume aakulu nawo akuti abwera, ngati tiwatumizira ya thiransipoti. Mayi wa tomato uja adandiimitsa dzulo pachipata n'kundifunsa ngati ayambe kufunafuna malo ena, poti anyamata a kabaza amuuza kuti amva zoti mtengo ukupita. Ndidamuuza kuti adikire kaye mpaka Januwale.